Onani ntchito kaye musanawonjezere kontirakiti

A Mkonzi,

Makhansala a khonsolo ya Lusaka asanawonjezere nthawi ya kontirakiti yokonza misewu, apite kaye akaone ntchito ndi maso, makamaka ku Kanyama ndi ku Chawama komwe madzi amadikha mvula ikagwa.

Dzenje la pamsewu silitha pongothiramo phula. Pamafunika kudula m'mbali mwake kufika polimba, kuchotsa dothi ndi madzi, kupaka phula lomatira, kenako kudzaza ndi kutsendera ndi makina. Akapanda kutsendera, maminibasi amafukula chigambacho posachedwa.

Koma vuto lalikulu ndi ngalande. Zikatsekeka ndi mapulasitiki, madzi amalowa pansi pa phula, maziko n'kufewa, msewu n'kung'ambika. Chonde, m'kontirakitimo mulembedwe kuti ngalande ndi makalavati ziyeretsedwe pofika Okutobala, ndipo malipiro omaliza aperekedwe dzinja litatha.

Wokhudzidwa,
Lusaka