Foni imaitana kasitomala, koma katundu amayenda pa M1

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo, kudzera m'nyuzipepala yanu, pa nkhani imene ikumveka kawirikawiri pa wailesi ndi m'misonkhano ya achinyamata, yakuti munthu amene wasowa ntchito asangokhala manja lende, koma atenge foni yake n'kuyamba malonda pa intaneti. Malangizowo si oipa, ndipo ine ndine mmodzi mwa amene anawamvera. Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikugulitsa katundu kudzera pa WhatsApp ndi Facebook kuchokera kuno ku Ngabu, ndipo ana anga awiri amavala ndi kupita kusukulu ndi ndalama zochokera pamenepo. Chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti olangizawo amathera pa foni, ngati kuti chithunzi chikangoikidwa pa sitetasi ndiye kuti malonda atheka, pomwe kwa ife a kuchigwa ntchito yeniyeni, pamodzi ndi kuluza kwenikweni, zimayamba kasitomala akanena kuti "nditumizireni".

Malonda anga ndi a mbali ziwiri. Kumtunda, makamaka ku Blantyre, ndimatumiza zinthu zimene chigwa chathu chimadziwika nazo: chitowe chopeta bwino, ufa wa malambe, masau ouma, ndiponso milamba yowamba yochokera m'madambo a Shire. Ambiri mwa ogula ndi ana a kuno kwathu amene anakhazikika m'tauni, Asena ndi Amang'anja amene pakamwa pawo sipanaiwale za kumudzi. Pobwerera ndimaoda nsapato ndi madiresi a kaunjika ku Limbe, zimene ndimagulitsa kwa aphunzitsi, anamwino ndi mabanja a anthu ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo.

Anthu otiona timawamva akunena kuti timangokhalira kudina foni. Apongozi anga omwe, amene ndimawalemekeza kwambiri, anandifunsa tsiku lina atandipeza pakhonde kuti, "Kodi mayi a ana, mufonimo muli munda?" Sindinawayankhe mwachipongwe, chifukwa kwa munthu amene wakalamba ndi khasu m'munda wa thonje, ntchito ndi imene imatulutsa thukuta looneka. Koma akanakhala nane kuyambira m'mamawa akanaona zina. Ndimadzuka tambala woyamba kuti ndichape ndi kusita zovala, popeza diresi la m'belo likajambulidwa lili lokwinyika palibe amene amafunsa n'komwe mtengo wake. Zithunzi ndimajambula dzuwa lisanakwere, ndisanafike pa ola la 8, chifukwa likangolimba mtundu wa nsalu umasintha pa chithunzi, ndipo kasitomala akalandira chinthu chosiyana ndi chimene anaona amati wanamizidwa. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40 monga kumachitira kuno, foni imatentha mpaka kuzima yokha, moti ndimaikulunga m'kansalu n'kuitsamiritsa pa mtsuko wa madzi kuti izizire. Kenako tsiku lonse ndi loyankha funso limodzi lomwelo lakuti "zingati?", kwa anthu amene ambiri a iwo akamva mtengo amangoti zii, kwinaku bandulo ikutha. Kasitomala wa m'tauni amalemba uthenga usiku atachoka kuntchito, ndipo ukachedwa kumuyankha umadzapeza wagula kwina. Ntchito imeneyi ilibe ola loweruka.

Zonsezi ndimazipirira, chifukwa ndi mbali ya ntchito imene ndinasankha ndekha. Chimene sindingathe kupirira mwakachetechete ndi mmene katundu amayendera.

Kasitomala wa ku Ndirande akaitanitsa chitowe, ndimathira m'thumba, kusoka kukamwa ndi chingwe, ndi kulemba dzina lake ndi nambala yake ya foni pa thumbapo ndi cholembera chakuda. Kenako ndimakwera kabaza kupita pasiteji, kumene ndimapereka thumbalo kwa kondakitala wa minibasi imene yatsala pang'ono kudzaza. Timagwirizana mtengo pakamwa, ndimamulipira, ndipo iye amaponya thumbalo kunsi kwa mpando wakumbuyo. Palibe lisiti, palibe buku, palibe siginecha. Umboni wanga wonse ndi chithunzi cha nambala ya galimoto chimene ndimajambula ikunyamuka, ndi nambala ya foni ya mnyamata amene mwina sindidzamuonanso. Kuchokera pamenepo mtima umakhala m'mwamba. Ndimawerengera kuti tsopano adutsa Nchalo, tsopano ali pa Dyeratu, awoloka mlatho wa Kamuzu, apitirira pa Thabwa, ayamba kukwera mapiri aja kumene injini zambiri zimakomokera. Nthawi yonseyo kasitomala akundiimbira kuti waima pasiteji ndipo akuchedwa kuntchito, ine ndikuimbira kondakitala amene foni yake sikupezeka.

Chaka china ndinatumiza katoni ya milamba yowamba kwa mayi wina amene anali ndi chinkhoswe cha mwana wake. Minibasi itafika pa Dyeratu anthu anali atachepa, ndipo monga mwa chizolowezi chawo, oyendetsa anagulitsa otsalawo ku minibasi ina, iwo n'kubwerera kukasaka ena. Anthu anasamutsidwa, koma katoni yanga inaiwalika kunsi kwa mpando. Inayenda masiku atatu pakati pa Bangula ndi Chikwawa m'kutentha kwa kuno, ikupondedwa ndi kukhalidwa, ndipo itapezeka nsomba zinali zitasanduka zinyenyeswa. Ndinabweza ndalama zonse kwa mayiyo, chifukwa sanalakwe kanthu. Kondakitala anangondiuza kuti, "Pepani mayi, zimachitika." Nditafuna kukadandaula, funso loyamba limene ndinafunsidwa linali lakuti ndionetse lisiti. Phindu la mwezi wathunthu linathera pomwepo, ndipo choposa ndalama, ndinataya kasitomala amene akanandibweretsera achibale ake onse.

Nkhani ya katundu wosoweka imabala vuto lina, la kukhulupirirana. Ndani ayambe, wolipira kapena wotumiza? Ogula ambiri anapsapo kale ndi anthu amene amaika zithunzi zokongola, kulandira ndalama, kenako n'kuzimitsa nambala, choncho amakana kulipira asanaone katundu. Nafenso ogulitsa tinapsapo ndi anthu otumiza chithunzi cha uthenga wabodza woonetsa ngati alipira, kapena olemba usiku kuti atumiza ndalama molakwitsa ndipo tiwabwezere. Ine ndinaphunzira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo, moti sindisoka thumba ndisanaone ndekha kuti ndalama zalowa mu akaunti yanga. Koma lamulo langali limandithawitsira ogula oona mtima ambiri, ndipo sindiwaimba mlandu. Airtel Money ndi TNM Mpamba zinatithandiza kwambiri, pakuti popanda njira zimenezi malonda athu sakanakhalapo n'komwe, koma zimangonyamula ndalama, sizitsimikizira kuti thumba lafika. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 lokhudza malonda ndi umbanda wa pa intaneti, ndipo kuyambira mu 2018 nambala za foni zimalembetsedwa m'kaundula. Zonsezo n'zabwino, koma mayi wa ku Tengani amene wabedwa ndalama ya nsapato imodzi sangalipire thiransipoti yoposa ndalama yobedwayo kuti akatsate mlandu.

Ndalama zikalowa mufoni, ulendo sunathe. Alimi amene ndimawagula chitowe kumidzi amafuna ndalama yogwirika m'manja, ndipo si kawirikawiri kuti ejenti wa kumudzi akhale nayo yokwanira. Umapita kwa woyamba akuti alibe, wachiwiri watseka wapita ku maliro, wachitatu akupatsa theka. N'chifukwa chake timauza makasitomala kuti aikepo ya chotapira, mawu amene amakwiyitsa ena ngati kuti tikuwabera. Pamwamba pa izo pali mitengo yosakhazikika. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa belo ku Limbe unkasintha ndili m'njira, koma kasitomala amasunga chithunzi cha mtengo wa sabata yatha n'kukuonetsa ngati umboni wakuti ndiwe wakuba.

Ndisaiwale za madzi, pakuti munthu sangalembe za chigwa cha Shire osawatchula. Namondwe Ana atagwa mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira kuno ku Chikwawa, dziko linataya mphamvu pafupifupi 130 megawati, ndipo kuzimazima kunatenga nthawi yoposa chaka. Msewu wa M1 unaduka m'malo angapo. Tisanapume bwino, mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. M'masiku amenewo foni yanga inkalandirabe mauthenga ofunsa katundu nthawi iliyonse netiweki ikabwerera, koma panalibe njira yotumizira ngakhale kathumba kamodzi. Anzathu a kutsidya kwa Shire, ku East Bank, makamaka a ku Makhanga, amadziwa vutoli kuposa ife, chifukwa kwa iwo dzinja lililonse katundu amayamba wakwera bwato asanaone galimoto. Amene amati intaneti yachotsa mtunda sanayambe wanyamula thumba la makilogalamu 50 pamatope.

Sindikupempha ngongole, ndipo sindikupempha maphunziro ena a masiku awiri ophunzitsa kutsegula tsamba la Facebook, chifukwa zimenezo mwana wa Fomu 2 amazidziwa kale. Ndikupempha chinthu chaching'ono chimene sichilira ndalama zambiri. Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje amatolera ndalama za ziphaso m'misika ndi m'masiteji tsiku ndi tsiku. Kodi chingalephereke n'chiyani kuti, mogwirizana ndi eni maminibasi, akhazikitse tebulo limodzi la katundu pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula ndi pa Nsanje boma, pamene munthu angalembetse thumba lake m'buku, kulandira lisiti yokhala ndi nambala ya galimoto ndi dzina la woyendetsa, ndi kulipira kandalama kodziwika? Kumtunda kukhale tebulo lina lolandirira, kumene wogula angasainire kuti watenga. Minibasi ikagulitsa anthu panjira, woyendetsa adzakumbukira katoni ya kunsi kwa mpando chifukwa dzina lake lili m'buku. Ndipo wogula amene amaopa kulipira asanaone katundu adzalimba mtima akaona chithunzi cha lisiti yeniyeni. Ine ndi anzanga tingalipire kandalamako mosanyinyirika, popeza n'kochepa poyerekeza ndi zimene timaluza.

Bungwe la MACRA, limene limayang'anira za mafoni, ndi lomwenso limapereka ziphaso kwa makampani onyamula makalata ndi katundu. Ndikulipempha kuti poona za kufalitsa intaneti kumidzi lizionanso mbali imeneyi, chifukwa makampani otere amakonda njira za pakati pa mizinda ikuluikulu, ndipo kumene kuli anthu ochepa ogula sakhala ndi chidwi. Nawo ma positi ofesi amene alipo kale m'matauni athu, amene masiku ano salandira makalata ambiri monga kale, angathe kukhala malo osungirako ndi kulandirirako katundu wa malonda athu. Nyumba zilipo, antchito alipo, ndipo anthu amawadziwa.

Nkhaniyi ikula posachedwa. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene ikutenga madzi ku Kapichira, ikadzayamba kugwira ntchito mokwanira zokolola zidzachuluka m'chigwa muno. Makampani akuluakulu adzabwera ndi malole awo, koma mlimi wamng'ono adzadalira mwana wake amene ali ndi foni kuti amupezere msika wabwino kuposa wa mavenda okhala ndi masikelo okayikitsa. Mwanayo akadzapeza wogula ku Zomba kapena ku Lilongwe, adzakumana ndi kondakitala yemwe uja ndi mpando wakumbuyo womwe uja.

Kunena chilungamo, nafenso ogulitsa tili ndi zathu zofunika kukonza. Ena mwa ife amaika zithunzi zotola pa intaneti m'malo mojambula katundu amene ali naye, ena amabisa mtengo n'kumauza aliyense kuti abwere ku inbox kuti aone nkhope asanatchule ndalama, ndipo ambiri sitilemba pena paliponse zimene tagula ndi kugulitsa. Ineyo ndinatha chaka chathunthu ndikudziona ngati ndikupindula, mpaka tsiku limene ndinagula kope n'kuyamba kulemba ya bandulo, ya kabaza, ya kondakitala, ya kutchajitsa foni magetsi akazima, ndi ya chotapira. Ndinapeza kuti pa madiresi ena ndinkangogwirira ntchito anthu a maminibasi. Ngati pali maphunziro amene achinyamata athu akuwafuna, ndi a kope limenelo.

Mawa m'mawa ndili ndi matumba awiri a chitowe opita ku Chilomoni ndi katoni ya ufa wa malambe yopita ku Bangwe. Ogula alipira kale. Ndidzapita pasiteji monga mwa masiku onse, ndidzasankha kondakitala wa nkhope yooneka yodalirika, ndipo minibasi ikamadzanyamuka ndidzathamangira kumbuyo kwake kuti ndijambule nambala fumbi lisanaiphimbe.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wogulitsa malonda pa foni,
Ngabu, Chikwawa