Kasinja wako asanaponde chipale chofewa

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Chithunzi cha Tiger I wako, kasinja wachidole woyendera rimoti uja wa kampani ya Heng Long, ndachiona, ndi wokongola zedi. Koma utanena kuti ukungodikira chipale chofewa chigwe kuti ukamuyendetse, mtima unandigunda. Tamva kaye zomwe zinandigwera ine.

Tsiku lina ndinatulutsa wanga m'nyumba mofunda n'kumutsitsira pa chipale chonyowa, chija chimagwirana ukachifumbata m'manja. Anayenda bwinobwino kwa kanthawi, kenako mota inayamba kubuula. Ndisanachotse chala pa rimoti, tcheni choyendera cha kumanzere chinangoti phwa! kuduka. Nditamunyamula ndinapeza pakati pa mano a sipuloketi, gudumu lija limakoka tcheni, padzaza ayezi wolimba ngati mwala. Zinandipweteka mumtima, chifukwa ndinali nditamusamala miyezi yambiri.

Matcheni ofunda amasungunula chipale pang'ono, chimalowa m'mipata, mano amachipsinja mpaka chiundane. Zikatero sipuloketi imakhala ngati yanenepa, tcheni n'kukungika kopitirira muyeso. Pulasitiki nayo ikazizidwa sichedwa kuthyoka. Tcheni chikapanda kuduka chimavuka, apo ayi magiya ndi amene amagweluka mano. Tiger wakoyo ndiye amavutika kwambiri chifukwa cha magudumu ake olowanalowana aja. Ngakhale akasinja a Tiger enieniwo, ku Russia pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, matope ndi chipale zinkaundana usiku pakati pa magudumu, kukacha n'kukanika kusuntha.

Tsono iwe uzimusiya panja azizire kaye usanamuyendetse, koma batire usunge m'thumba la jekete, chifukwa likazizidwa limatha mphamvu msanga. Sankha tsiku lozizira kwambiri, pamene chipale chili chouma, choyoyoka ngati ufa. Chimenecho sichimata. Tenga mswachi wakutha, uziima pafupipafupi kukolopola m'mano muja, ndipo mota ikangosintha kaliridwe, ima pomwepo.

Pa ayezi wosalala matcheni alibe pogwira, ngakhale achitsulo omwe amatsetsereka cham'mbali pakakhala kotsetsereka. Usamutembenuze mwamphamvu.

Ukabwerera m'nyumba umupukute, utsegule pamwamba kuti chinyezi chiume chisanafike pa mawaya, ndipo udonthezere timafuta pang'ono pa timapini ta matcheni, tisachite dzimbiri.

Ukamuyendetsa unditumizire chithunzi cha mapazi ake pachipalepo, ndikufunitsitsa kuwaona. Undiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.