Kwa mwana wanga amene wayamba ntchito ya kusikelo

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kupatula bondo langa lija likumandikumbutsa zaka kukazizira. Bambo ako akuti za chimanga usadandaule, athira kale mankhwala a anankafumbwe.

Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ija unandiuza pafoni uku ukuseka, yoti mnzako anabwezera m'furiji kabotolo ka katemera wa chikuku kosungunula kale, ati poti munatsala wokwanira ana asanu ndipo kutaya n'kuwononga. Iwe unaseka, ine tulo sindinatione. Zaka zonse ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo, amene ankandiopsa kwambiri sanali aulesi ayi. Anali anthu abwinobwino, osamala zinthu, omvera chisoni kabotolo.

Ndiye tamvera. Katemera waufa amene timachita kusungunula, monga BCG wa chifuwa chachikulu ndi wa chikuku uja wa MR, alibe mankhwala oletsa tizilombo kuswana m'botolo. Ukangothiramo madzi ake, yang'ana wotchi ndipo ulembe nthawiyo pakabotolo pomwepo, usanabaye mwana aliyense. Pakatha maola 6, kapena sikelo ikatha maolawo asanakwane, kabotoloko n'kotaya. Kaya mwatsala theka, kaya mwangochoka dozi imodzi, taya. Furiji sikonza zimenezi. Kabotolo kogonera kamaoneka bwinobwino m'maso, koma mwana wobayidwa katemera wolowa tizilombo amatha kutentha thupi, kusanza ndi kutsegula m'mimba patangopita maola ochepa, ndipo ena sapulumuka. Mnzakoyo umuuze mwaulemu muli awiri, osati pamaso pa amayi, koma umuuze ndithu.

Katemera wamadzi ali ndi lamulo lina. Malangizo a 2014 a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amalola kuti mabotolo ena, monga a poliyo wodonthetsa m'kamwa ndi a kafumbata, agwirebe ntchito mpaka masiku 28 chiwatsegulireni. Koma si kungowaponya m'furiji basi. Tsiku lotha ntchito likhale lisanafike, akhale asungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, kamphira kapamwamba kasanamire m'madzi, ndipo dozi iliyonse itengedwe ndi jakisoni watsopano. Singano yosiyidwa itazikika pakamphira ndi khomo la tizilombo, usadzayerekeze ngakhale mzere utafika kumsewu. Lemba tsiku limene watsegula, uwaike pamalo pawokha m'furiji kuti mawa uyambire amenewo. Kabotolo kotsegula kopanda deti ine ndinkakataya osafunsa munthu.

Ukasokonezeka, yang'ana pamene pali VVM, kachizindikiro kozungulira kaja kokhala ndi kabokosi pakati, koonetsa ngati katemera wapsa ndi kutentha. Ikakhala pa pepala la m'mbali mwa botolo, ndiye kuti ndi la gulu losungika. Ikakhala pa chivindikiro kapena pakhosi pa botolo, imachoka potsegula, ndiye kuti ndi la maola 6. Ndipo kabokosiko kakada n'kufanana ndi bwalo lake, katemerayo wapsa ndi kutentha, ngakhale deti yake ikadali kutali. Pamene buku la malangizo a unduna lanena mosiyana ndi ine, tsata bukulo, zinthu zasintha chipumireni ine.

Ine cholakwa changa chinali cha kuzizira. Masiku amenewo tinali ndi furiji ya parafini, yofuna kuilera ngati khanda, ndipo ndinkaganiza kuti kuzizira kwambiri ndiye ubwino wake. Tsiku lina ndinapeza mabotolo a kafumbata atatsamira kukhoma la furiji, atauma gwa. Ndinawasiya kuti asungunuke, mumtima ndikuti zatha. Anandipulumutsa ndi namwino wina wachikulire amene anandionetsa kugwedeza botolo lokayikitsa pamodzi ndi lina loumitsidwa dala. Onse awiri anadikha msanga, zinyenyeswa pansi, madzi oyera pamwamba. Tinataya onse, ine manyazi ali tho. Penta wa matenda asanu, PCV wa chibayo ndi wa kafumbata akauma ndiye kuti mphamvu yapita, ndipo VVM sikuuza kanthu za kuumako. N'chifukwa chake ma ice pack uziyamba wawasiya panja mpaka madzi amveke khuchukhuchu ukawagwedeza, kenako ndiye uwaike m'bokosi lonyamulira. Ukafika kumudzi, bokosi pamthunzi, mabotolo otsegula uwazike pa siponji ija yapamwamba.

Za madzi osungunulira usamadalire maso, werenga. Akhale a katemera yemweyo, a kampani yomweyo, ndipo agone m'furiji kuti azizire. Ku Samoa mu 2018 ana awiri anamwalira anamwino atasungunula katemera wa chikuku ndi mankhwala ofooketsa minofu m'malo mwa madzi ake. Makolo anachita mantha, ambiri anasiya kupita ndi ana kukabayitsa, ndipo chikuku chitabuka mu 2019 chinapha anthu 83, ambiri mwa iwo ana aang'ono. M'furiji ya katemera musalowe mankhwala ena, ngakhale botolo la madzi akumwa la abwana.

Koma usakhalenso woumira. Mayi akayenda mtunda wautali mwana ali kumbuyo, n'kupeza kuti wa chikuku ndi iye yekha, tsegula botolo. Ukamubweza kuti adzabwere ana akachuluka, mvula ikayamba ndi kulima sudzamuonanso.

M'jumbo la mtedza limene ndapatsira mlamu wako ndaikamo zolembera ziwiri zosafufutika ndi madzi. China umangirire ndi chingwe pa chitseko cha furiji, chifukwa cha m'thumba chimasowa tsiku lomwelo. Mtedzawo ndi wokazinga kale, ugawireko mnzako uja.

Ndine mayi ako.