Usanapite kubanki, mwana wanga

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe ndi ana kumeneko. Amayi ako andiuza kuti anzako a m'kopaletivi akusankha kuti ukawayankhulire kubanki pa nkhani ya ngongole ija. Ndakondwa, koma pakamwa pako ndimapadziwa, n'chifukwa chake ndikufuna ndikuuze za Yanis Varoufakis.

Bamboyu anali mphunzitsi wa zachuma kuyunivesite, mutu wakuthwa ndithu. Mu Januwale 2015, chipani cha Syriza chitapambana chisankho ku Greece, mtsogoleri wa chipanicho Alexis Tsipras, yemwe anakhala nduna yaikulu ya dzikolo, anamusankha kukhala nduna ya zachuma. Dziko linali litamira m'ngongole, ndipo obwereketsa, omwe ndi mabungwe akuluakulu a European Commission, European Central Bank ndi IMF, ankafuna kuti boma lipitirize kudula mapenshoni ndi kukweza misonkho. Iye ankati ngongole yotere siingabwezeke, ndipo kufinya anthu ovutika kale n'kungowonjezera moto. Apo sananame. Ngakhale a IMF anadzanena okha kuti Greece ikufunika kuipepukitsira ngongoleyo.

Chinamupweteka ndi kayankhulidwe. Ankafika kumisonkhano ya nduna za zachuma za maiko a ku Ulaya wopanda tayi, malaya osapisira, n'kuyamba kuphunzitsa anzake ngati ana asukulu, pamene chikwama cha ndalama chili m'manja mwa anthu ngati Wolfgang Schäuble, yemwe anali nduna ya zachuma ya ku Germany. Pofika Epulo, Tsipras anapereka utsogoleri wa zokambiranazo kwa nduna ina, Euclid Tsakalotos. Kumapeto kwa Juni mabanki anatsekedwa, munthu ankaloledwa kutapa mayuro 60 okha patsiku, agogo ali pamizere kudikira penshoni. Pa 5 Julayi, anthu 61 mwa 100 alionse anavota kukana mfundo za obwereketsa. M'mawa mwake Varoufakis anatula pansi udindo, ndipo patangotha sabata Tsipras anavomera mfundo zowawa kuposa zomwe anthu anakana zija.

Nawenso ukhoza kukhala ndi mfundo zoona, koma ndalama ndi zawo. Usakamuchititse manyazi manijala pamaso pa antchito ake, ngakhale atalakwitsa masamu, kamuonetse pambali. Tenga mabuku a kopaletivi, malisiti ndi ndondomeko ya momwe mudzabwezere mukakolola. Musananyamuke, mugwirizane ndi komiti kuti mungalolere mpaka pati, komanso mudzatani akakana, chifukwa apa ndi pomwe nduna ija ndi bwana wake anasiyana maganizo. Za Facebook uzisiye kaye mpaka musainirane.

Ukadutse kuno Loweruka ndi mapepalawo tidzawaonere limodzi.

Ndine bambo wako.