Tisamaike nkhani za ufiti m'kamwa mwa ana

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za khalidwe lomwe lazika mizu m'midzi ndi m'matauni momwe, lotenga mwana wamng'ono n'kumusandutsa mboni pa mlandu wa ufiti. Tikamva kuti agogo ena amenyedwa kapena awatenthera nyumba, timawamvera chisoni, ndipo m'pake. Koma za mwana amene anakakamizidwa kuwaloza chala, palibe amafunsa.

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo ndaona momwe zimayambira. Pakhomo pagwa maliro, kapena matenda akukana mankhwala. Wina anong'ona kuti mwana uyu amadzuka wotopa, amakodza pogona, amabwebweta kutulo. Amalume, azakhali, mwina ndi sing'anga kapena mneneri, amukhazika pakati. "Amadzakutenga ndani usiku? Mumakwera lichero? Anakudyetsa nyama yanji?" Funso lililonse limabwera ndi yankho lake kale. Nanga mwana wa zaka 7, wanjala, chikwapu chili pambali, angakane mpaka liti? Amavomera kuti amuleke, n'kutchula dzina lomwe akuluakuluwo akufuna kumva, kawirikawiri la agogo ake omwe amamuphikira phala m'mawa.

Mkwiyo wa akulu umaphwa pakapita masiku. Kwa mwana, mavuto amakhala angoyamba kumene. M'kalasi mwanga munali mtsikana wochenjera pa masamu yemwe izi zinamuchitikira. Anzake anasamuka pa benchi yake. Nthawi ya phala, kapu yake inkakhala payokha pawindo, palibe woikhudza. Makolo ena anachita kubwera kudzandipempha kuti ana awo asamakhale naye pafupi. Anayamba kujomba, kenako anasiyiratu. Banja la mayi ake linatha, ndipo agogo aja anathawira kwa achibale kutali. Mwanayo akukula akuganiza kuti ndi iye anapasula mudzi, pamene mawuwo anachita kumupatsa ndi anthu akuluakulu. Ndipo mbiri yotere siifa: tsiku lomwe adzafune banja, ankhoswe akadzafufuza adzauzidwa kuti "kumeneko kuli ufiti".

Dziko lino laona kale komwe mphekesera zimafikitsa. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu anayi okalamba a banja limodzi anaphedwa mtsikana wa zaka 17 atafa ndi mphezi. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa popanda aliyense wosonyeza ngakhale dontho la magazi opopedwa. Ophedwawo anasiya ana ndi adzukulu. Omwe anamangidwa chifukwa chopha anasiyanso ana. Lero WhatsApp yawonjezera moto, chifukwa kanema wa mwana "akuulula" amazungulira dziko lonse nkhope yake ili poyera, ndipo sadzafufutika.

Sindikulimbana ndi chikhulupiriro cha munthu. Koma lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limanena kuti kunenera munthu ufiti ndi mlandu. Lamulo loteteza ana la 2010 nalonso limaletsa kuchitira mwana nkhanza. Chikusowa ndi anthu olimba mtima owagwiritsa ntchito nkhani isanakule.

Ndikupempha mafumu kuti asamalole mwana kufunsidwa za ufiti pabwalo. Azibusa, lekani kuimika ana kutsogolo kwa mpingo kuti alape zomwe sakuzidziwa. Apolisi a Victim Support Unit azitsatira mwanayo ngakhale mlandu utatha, aone ngati wabwerera kusukulu. Ndipo aliyense woona mwana akuzunguliridwa motere aimbe nambala yaulere yothandiza ana ya 116 tsiku lomwelo, mwanayo asanatchulitsidwe dzina la munthu.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Mwanza