Kalata kwa mwana wanga wa kumagetsi

Mwana wanga,

Kuno tilipo. Bondo la amayi ako likuvutabe koma kudimba akumafika. Ndalama zija tinalandira, tagula feteleza matumba awiri, zikomo. Koma si feteleza wandigwiritsa cholembera lero.

Msuweni wako anabwera Lamlungu. Akuti anakuona pa Zalewa Lachisanu dzuwa litapendeka, uli ndi mnzako wandevu uja, mabotolo ali ndandanda patebulo. Atakufunsa, akuti unamuyankha uku ukuseka kuti ukulowa shifiti ya usiku. Ndinamukalipira kuti asamayende ndi nkhani za eni. Atachoka ndinakhala pakhonde mpaka nkhuku zonse kulowa, chifukwa msuweni wakoyo ndi wamiseche inde, koma bodza sindinamugwirepo.

Kodi n'zoona?

Ukukumbukira tsiku lija unandilowetsa kuntchito kwako kopangira magetsi, atandiveka chipewa cholimba chomwe chinkandigwera m'maso? Nditaona chipinda chanu chija, kozizira bwino, mipando yofewa, makompyuta mbali zonse, ndinakuseka kuti kani amakulipira chifukwa chokhala pansi. Iwe sunaseke. Unandilozera nambala 50 yomwe imangogwedera pang'onopang'ono, n'kunena kuti magetsi a dziko lonse amayenda pa nambala imeneyo. Ikatsika kwambiri makina amadzithimitsa okha podziteteza, anzake n'kumatsatira, mpaka mdima kuyambira Nsanje kukafika Chitipa. Unatinso jenereta yomwe yangoyatsidwa kumene simuilumikiza mwachisawawa, mumadikira ifanane mayendedwe ndi zinzake. Ine ndinati ndamva, zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi, wina akaphonya nthawi minsi imagundana. Unandiyamikira kuti ndalasa. Tsiku limenelo ndinabwerera kumudzi chifuwa chili patsogolo.

Koma chomwe chinandikhala pamtima ndi pepala lija. Unati amisiri asanatsike pansi kukakonza makina, madzi amatsekedwa, maloko amaikidwa, ndipo pamakhala chilolezo chosainidwa. Mpaka atatuluka onse ndi kubweza pepalalo, palibe amaloledwa kutsegula kanthu. Anthu amenewo ali ndi ana, mwana wanga. Amalowa m'mimba mwa makina, mphamvu yonse ya Shire ili kuseri kwa chitseko, atakhulupirira kuti amene wakhala pamwamba paja mutu wake uli bwino. Ndiye iwe ukakhalepo utanunkha mowa?

Ndikudziwa chimene unene. Unena kuti anali mabotolo awiri okha, unasamba, unagonako pang'ono. Mawu amenewo ndimawadziwa chifukwa anatulukapo pakamwa pangapa.

Munakula mukudziwa kuti ntchito yoyendetsa lole ku esiteti ya tiyi ku Thyolo ndinasiya chifukwa cha msana. Si zoona. Amayi ako ndiwo anakonza nkhani ya msanayo kuti musandinyoze. Iwe unali mwana wakumbuyo. Tinachezera kachasu pamaliro, m'mawa ndinasamba madzi ozizira, ndinatafuna chinangwa, n'kukwera lole ndikudzimva kuti ndili bwinobwino. Sindinkadzandira ayi. Anali matsire chabe. Pokhota penapake phazi linachedwa kufika pa buleki, kuchedwa kwake ngati kuphethira kwa diso. Mnyamata amene ndinali naye kumbuyo mkono wake sunagwirenso khasu. Mpaka lero ndikamva lole ikulira potsetsereka, nsima imandikanika. Ukafuna ukawafunse amayi ako, koma usakawafunse pali alongo ako.

Ntchito yako ndi yoipa kuposa yanga pa chinthu chimodzi. Woyendetsa galimoto msewu umamudzutsa. Iwe umakhala maola ambirimbiri popanda chochitika, kumangolemba manambala m'buku ola lililonse, kutentha kwa ichi, kuchuluka kwa madzi, makina akung'ung'uza pansi ngati akukuimbira nyimbo yogonetsa mwana. Kenako alamu. Unandiuza wekha kuti nthawi zina amalira angapo pakamodzi, ndipo umayenera kudziwa msanga kuti wayambitsa ndi uti. Wamatsire angadziwe zimenezo 3 koloko ya m'bandakucha?

Ndiye taona nyengo yake. Mvula yayandikira. Shire ayamba kubwera ndi namasupuni, zitsa, nthochi zozuka ndi matope, zonse kudzatsamira pa zitsulo zosefera madzi, mphamvu n'kumatsika, a ku Blantyre ali pafoni kufunsa kuti mwatani kumeneko. Nthawi yofuna maso anayi ndi imeneyi. Sunaiwale Januwale wa 2022, namondwe Ana atagumula damu la Kapichira. Magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 anachoka usiku umodzi, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi asanabwerere. Chigayo cha kuno chinkayaka pakati pa usiku, amayi ako ankapita kukagona pamzere ndi thumba lawo, bondo lomweli. Amene uja anali madzi a Mulungu, tinangopirira. Koma mdima wobwera chifukwa mwana wa m'nyumba ino anadutsira pa Zalewa, umenewo ndingaupirire bwanji? Kutchalitchi ndingakakhale mpando uti?

Paja kuno magetsi akathima anthu amatukwana ESCOM. Ndatopa kuwafotokozera kuti kuyambira 2017 opanga magetsi ndi EGENCO, a ESCOM amangowatenga n'kugawa. Samva. Amayi ako okha amangoti, "Mwana wanga wasinza." Tinkaseka nazo. Lamlungu usiku anathimanso, ndipo palibe anayankhula.

Za mnzako wandevuyo sindinena zambiri. Anabwera kuno kamodzi, anapereka moni ali chiimire. Mwina ndi munthu wabwino. Koma tsiku lomwe adzakuitane akuluakulu kuti ufotokoze, iye sadzakhalapo, ndipo m'buku muja mudzakhala dzina lako ndi ola lake, lolembedwa ndi dzanja lako lomwe.

Sindikuti ndiwe chidakwa. Ndikudziwa kumeneko n'kotopetsa, kutchire, kotentha, ukaweruka kulibe kopita. Kugona masana anzako ali maso si chinthu chapafupi, thupi limasokonezeka, ndiye munthu amati ndimweko kamodzi tulo tibwere. Ndi mmene zimayambira. Bwanji osawatenga apongozi athu ndi mwana kuti muzikhala limodzi? Za kusukulu ya mkaka zisakuvute, mwanayo sanakwane n'zaka zitatu zomwe. Nyumba yopanda mkazi imathamangitsa mwamuna, ine ndinaziona.

Ngati walephera kusiyiratu, imwa tsiku lomwe mawa lake sukulowa. Ndipo likadzafika tsiku loti wamwa kale koma akuitana, uwauze akulu ako poyera kuti sindili bwino, ikani wina. Akudule malipiro, akulembere kalata, zilibe kanthu. Ine ndikanakhala ndi mtima umenewo m'mawa uja, bwenzi mnyamata uja akulima.

Ng'ombe ziwiri zija tinagulitsa uli ku Poly sindikuzilira ayi, usaganize kuti ndikuwerengera. Unali mwana womasula wailesi yanga n'kuibwezera ikulira bwino kuposa kale. Manja ako ndi abwino. Ndimangoopa.

Usandiyankhe kudzera pa WhatsApp ya mlongo wako, amawerenga zonse. Undiimbire Loweruka m'mawa, foni ndikhala nditatchajitsa. Ngati msuweni wako wanama, undiuze ndikamuone ndekha. Ngati sananame, undiuzenso, sindikukalipira pafoni. Kumapeto kwa mwezi ubwere, denga la khitchini likufuna anthu awiri, ndipo ubweretse mankhwala opaka aja a amayi ako.

Ndine,
Bambo ako