Makalata a asilikali a Keyala akutha ndi chiswe

A Mkonzi,

Agogo anga aakazi atamwalira tinapeza makalata 9 m'sutikesi yawo yachitsulo, atakulungidwa m'kampango. Analemba ndi agogo aamuna ali ku nkhondo ku Burma mu 1944. Awiri chiswe chinadyeratu. Otsalawo ndi apensulo, ndipo kuti muwerenge muyenera kuima pakhomo dzuwa likuwala.

Agogo aamunawo anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles), mmodzi mwa anyamata a ku Nyasaland amene anakwera sitima ku Mombasa, kudzera ku Ceylon, n'kukalowa m'chigwa cha Kabaw mvula ili pakati, kukankhira asilikali a Japan ku mtsinje wa Chindwin. Mayina amenewa ndinachita kufufuza ndekha. M'makalatamo mulibe, chifukwa kalata inkayamba yawerengedwa ndi akuluakulu ankhondo isanatumizidwe. Zomwe zilimo ndi misundu yomata m'miyendo, malungo, ndi kulakalaka nsima ya mgaiwa. Kenako mafunso: kodi ndalama mukulandira kuboma? Nkhokwe anakufolererani ndani? Nanga mwana wayamba kuyenda? Mwanayo ndi mayi anga, ndipo bambo awo anadzawaona koyamba akuthamanga kale.

Agogo aakazi sankadziwa kuwerenga. Ankapita kwa aphunzitsi a pamishoni kuti akawawerengere, ndipo amuna awo ankadziwa zimenezi. N'chifukwa chake mawu achikondi simungawapezemo. Koma m'kalata imodzi, ya tsamba limodzi lokha, dzina la agogo aakaziwo loti Nabanda lalembedwa kasanu. Nditaona zimenezi misozi inagwa.

Chaka chilichonse mu November timasonkhana pa chipilala cha ku Area 18, lipenga n'kulira, akuluakulu n'kuika nkhata zamaluwa. Ndi ulemu woyenera. Koma pamwambopo mawu a msilikali mwiniwake samveka, ngakhalenso a mayi amene anatsala akulima yekha.

Ndikupempha a National Archives ku Zomba pamodzi ndi a Malawi Defence Force kuti alengeze pa wailesi, mabanja abweretse makalata otere, ajambulidwe, eniake n'kubwerera nawo. Asaiwalenso makalata a asilikali amene ankalondera njanji ya Nacala ku Mozambique, ndi mauthenga a amene apita ku DRC, omwe amasowa foni ikangowonongeka. Ndipo November akubwerayu wina aime pachipilalapo awerengeko kalata imodzi mokweza. Athu 7 aja ndawasunga m'pulasitiki, tsiku limene adzaitanitse ndidzapita nawo ndekha.

Mdzukulu wa msilikali,
Kawale, Lilongwe